Bulangeti la Apongozi Lapita ku Ntchito

Amake Yonasi,

Musasake wakuba, bulangeti lofiira lija ndatenga ndine.

Dzulo patarau, bwana wathu uja, anatiyalira zovala kuti tisankhe, ife oyendetsa kangolo konyamula mabokosi a nsomba m'chipinda chozizira chija. Mnzanga Awadhi anatenga chikazako, chijekete chathonje, cholemera ngati ukonde wonyowa. Ine ndinamuseka, n'kusankha kajekete kopyapyala kamabatani owala, poganiza kuti ndizikatchenanso nako kutchalitchi ku Msumba. Munthu wokulira padzuwa la ku Metangula ndikanadziwa bwanji? Abale inu, kuzizira kwa m'menemo, mwera wa mu Junyu ndi mwana! Zala zinauma gwa, chiwongolero osachimvanso, ndinatsala pang'ono kudzigwetsera mabokosi pamutu.

Ndiye ndalawirira kuti ndikamupemphe patarau andisinthire, poti chikazako chatsala chimodzi chokha. Akakana, ndikadzikulunga ndi bulangetili. Ndikudziwa kuti munasungira amayi anu amene akubwera lero, pepani ndithu. Muwafunditse nsalu zanu ziwiri, kunja kuno n'kotentha. Mupatsirenso aliyense wobwera kuno masokosi anga a paukwati aja.

Likabwerako likununkha chambo, muwauze amayi kuti mkamwini wawo ndi mbuzi, koma mbuzi yamoyo.

Wanu wonjenjemera,
Bartolomeyo