Nthungululu pa Famu ya Miriyamu

Loweruka, kuchiyambi kwa Okutobala.

Lero mtima uli myaa. A Tembo, aja a ku Chipata amene timaimba nawo kwaya, ananditenganso pa galimoto yawo kuchoka kuno ku Scarborough, ku Canada, mpaka kumafamu a Aamishi, Akhristu osunga moyo wachikale oyendera ngolo za mahatchi, kukagula uchi kwa Miriyamu. Ine ndi Miriyamu tinagwirizana chifukwa cha zovala zakuda. Mwamuna wake anamwalira chaka chomwe anandisiya bambo a Tadala.

Koma lero ndinamupeza atavala diresi yabuluu. Anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti akukwatiwa ndi kalipentala wina, nayenso woferedwa. Ine osaganizanso, nthungululu! Hatchi ya pangolo inadzidzimuka, amayi a tizipewa toyera onse cheu. Miriyamu ananditseka pakamwa uku akuseka mpaka misozi. Kani kwawoko ukwati umakhala chinsinsi mpaka ataulengeza pa mapemphero.

Anandiombola ndi a Tembo. Anauza amayiwo, nkhope ili bwinobwino, kuti kwathu timatero tikalawa uchi wabwino.

Potsanzikana ndinamufunsa Miriyamu ngati sakuona kuti akuwalakwira malemu. Anati, "Ndimawasowabe. Koma ndatopa kudya ndekha."

Pobwerera, titafika m'tauni ya Oakville, a Tembo anati, "Mayi a Tadala, nthungululu ija musaimalize yonse. Musungeko ina."

Mawuwo sanandikwiyitse ayi. Duku lakuda lija ndalichapa, ndalipinda, lili pansi pa sutikesi. Mawa kutchalitchi ndivala lachikasu, ndipo amayi a kwaya akandifunsa, ndidzangoti ndalawa uchi wabwino...