Funso Limene Ndinafunsa Abambo Nditagwada

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno tilipo, kungoti kulipo kwake n'komweko.

Ndiyambe ndi zabwino. Mpongozi wanu, mkazi wa achimwene a Domingo, wachira. Ndi mwana wamkazi, amutcha dzina lanu, ndipo mawu ndi anu omwe akayamba kulira. Nyemba ku Zobuwe zachita bwino, koma mbatatesi zinapsa ndi chiwawu.

Ine ndili pa esitajiyo pachipatala china chaching'ono kuno ku Moatize. Chaka chomaliza cha psikolojiya amatitumiza kukaphunzirira pa odwala enieni. Paja munkandiseka kuti, "Iwe Rozita, sukulu yomvetsera anthu, iwe wothamanga ndisanamalize kukutuma?" Bata yanga yoyera, yunifolomu ya pachipatala, ndimaivala m'mawa, pofika madzulo yada bii ndi fumbi la malasha. Dotora wotiyang'anira ndi mmodzi, zipatala n'zambiri, ndiye kawirikawiri m'chipindamo ndimakhala ndekha.

Anatiphunzitsa kuti munthu akafooka mtima, uzimuyang'ana m'maso n'kumufunsa mosazungulira ngati waganizapo zodzipha. Ndafunsapo azimayi a ku Mualadze, ndafunsapo anyamata ochotsedwa ntchito kumgodi. Ndinkadziona ngati ndatha ntchito.

Sabata yatha nditaitana wotsatira pamzere, ndinangoona akulowa Abambo. Abambo enieni, Amayi! Atavala jekete lija la kutchalitchi, lomwe pano likuwakhwepa. Namwino wa kwathu anawauza kuti kusadya ndi kusagona kwawoko ndi matenda a mumtima, apite kwa dotora wa maganizo ku Moatize. Anakwera shapa, minibasi ija, osauza munthu, osadziwanso kuti akapeza ine. Ndinati lamulo silitilola kuthandiza m'bale. Iwo anati, "Nanga ndipite kwa yani, mwana wanga?" Ndinasuzumira panja, kunalibe wina.

Anakhala pampando. Ine wanga unandikana. Ndikhale bwanji mofanana ndi bambo wondibereka, chitseko chotseka, n'kumawayang'ana m'maso? Ndinagwada pasimenti ndi bata yangayo, maso pansi, mmene munandilerera. Anafotokoza kuti chikuikireni m'manda, akafika kumunda amangoima ndi khasu mpaka dzuwa kutentha. Funso lija ndinalifunsa ndikuyang'ana nsapato zawo.

Anati, "Eya. Botolo la mankhwala opopera tomato ndinalibisa kudenga."

Amayi inu, zonse zimene ndinawerenga zinathawa. Amene analira ndi ine, wodwala n'kumatonthoza dotora.

Botololo achimwene anakalichotsa. Koma ku Zobuwe ndi khomo liti lopanda mankhwala a kudimba? Dotora wotiyang'anira uja ndinawaimbira, akuti Abambo adzawaona tsiku lodzayendera chipatala chino. Abambo kukhala nane akana, ati nkhuku zanu adyetsa ndani. Ndikasiya esitajiyo, chaka chonse chapita pachabe. Ndikakhala, ndimamvetsera mavuto a eni mtima uli kumapiri a kwathu. Ndili ndi mantha, ndipo chochita sindikuchidziwa.

Ndiye ndikupempha inu, poti ndinu nokha amene ankakumverani. Akamakulotani musawakodole ayi. Akafika pakhomo panu kumeneko musawayalire mphasa. Muwakalipire mmene munkachitira akalowa m'nyumba ndi matope, abwerere kuno.

Loweruka ndikwera shapa ya ku Zobuwe, ndikagwadanso, ndikafunsenso funso lomwelo. Ndikukulonjezani kuti sindileka kuwafunsa, ngakhale yankho likhale londiliza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Rozita