Una wa Ng'ona m'Damu la Bambo

Kugri, mwezi wa Ogasiti

Okondedwa achimwene a Raogo,

Landirani moni, inu pamodzi ndi alamu ndi ana onse kumeneko ku Soubré. Muli bwanji? Nanga msana uja unasiya kuvuta? Mitengo ya koko yabereka chaka chino? Kuno mayi ali bwino, kungoti maso akunka nachita mdima. Ana anga akudya, akusewera. Ine ndiye ndikulemba mkono wamanzere uli pachifuwa, womangidwa ndi nsalu, ndipo mano awiri akutsogolo kulibe. Musadzidzimuke, werengani kaye mpaka kumapeto.

A Yaaba atisiya, achimwene. Ng'ona yathu yaikulu ija ya m'damu la bambo, ija tinkaikwera pamsana tili ana, kulibenso. Sanafe ndi ukalamba ayi. Anawapha ndi alamu anu a Kuilga, amuna anga, ndi nkhwangwa, dzuwa lili paliwombo.

Ndikudziwa kuti pano magazi awira. Nanenso ndinayamwa bere lomwelo, ndinakula ndi mawu omwewo akuti ng'ona ndi gogo wathu, inaolotsa kholo lathu pamtsinje adani ali m'mbuyo, choncho sitiipha, sitiidya, ikafa timaiika ngati munthu. Koma imvani mmene zinayambira.

Damu lija munamanga nawo, simungaiwale. Munasenza dothi m'madengu mpaka tsitsi kuthothoka paliwombo, bambo akupondetsa ng'ombe kuti khoma lilimbe. Mukukumbukanso chifukwa chake, chaka chija madzi a kuphiri anakokolola nyumba za kumunsi ndi nkhokwe zomwe. Chimangireni, kugwe chimvula chotani, khomalo limagwira madzi n'kumawataya pang'onopang'ono pa ngalande ya kumbali, ife akumunsi n'kumagona tulo. Ndati ife chifukwa munandikwatitsa kumunsiko. Ndikatuluka pakhomo panga n'kukweza maso, chimene ndimaona ndi khoma limenelo.

Chilimwe chathachi kunatentha koopsa, madzi anaphwa kutsala matope. A Yaaba anakumba una m'khoma momwemo kuti abisale dzuwa. Mvula itabwera, damu litadzaza, kuseri kwa khoma kunayamba kunyowa. Poyamba anali timadzi toyera. Kenako ofiira, otuluka ndi dothi. Ngakhale mwana amadziwa kuti madzi akamatuluka ndi dothi ndiye kuti khoma likudyeka m'kati.

A Kuilga anayamba mwaulemu, Mulungu ndi mboni. Anatenga tambala ndi mtedza wa kola n'kukwera kumtunda kwa mng'ono wanu Sibiri, poti ndiye akusunga damu inu kulibe. Anagwada, kupempha kuti agogo awanyengerere atuluke, unawo utsekedwe. Sibiri tambala analandira, kenako n'kuseka. Akuti kodi alamu, mwayamba liti kulamula kogona agogo a eni ake? Akuti amene mumalirira madzi a anyezi chilimwe ndi inu nomwe, lero mwakhuta mwayamba kuona zolakwa. Akutinso khomalo laima zaka zonsezi chifukwa a Yaaba amalilonda, wamantha akagone mumtengo.

A Kuilga anabwerako. Anadikira agogo atapita kukaothera dzuwa tsidya lina, n'kutseka unawo ndi dongo ndi miyala. Kutacha anapeza afukulanso, dzenje litakula kuposa kale.

Tsiku la msika kunagwa chimvula cham'mawa. Itakata, pamwamba pa khoma panali mng'alu woti phazi langa limalowa. Ndinawapeza a Kuilga kuseri kwa nkhokwe akunola nkhwangwa, chakudya osachikhudza. Ndinati bambo a Nongma, mtengo wake uti mvula ino? Anangoti ndikaone ana.

Anamanga nkhuku kuchingwe, n'kuitana mmene timaitanira ife, kuomba m'manja kuja. Ndipo a Yaaba anabwera, achimwene, chifukwa chibadwire munthu sanawalakwirepo. Anatulutsa mutu pamtunda, kuyasamula kukamwa. Nkhwangwa yoyamba inalowa pakati pa maso. Mchira unawakwapula a Kuilga m'miyendo, anagwa chagada, anadzuka, anatema, anatemanso, mpaka madzi a m'mphepete anasanduka magazi okhaokha. Ine ndinafika ndikuthamanga zitatha kale. Ndinalira ngati tsiku la bambo, sindikunama.

Azimayi ochapa zovala ndiwo anaona zonsezi n'kukuwa. Posakhalitsa Sibiri anatsetsereka ndi ana a bambo aang'ono, m'manja muli mipini ya makasu, iye atanyamula musi. A Kuilga sanathawe. Anaponya nkhwangwa pansi n'kunena kuti ndapha ndine, ndimenyeni, koma mukatha titseke dzenjeli. Mawuwo sanathe n'komwe, mpini unawapeza pakamwa.

Anawamenya ngati akupuntha mapira. M'nthiti, m'mutu, m'mimba. Mwendo utathyoka ndinaumva ndi makutu angawa. Ndiye anawakokera kumadzi, kuwamiza nkhope m'magazi a agogo, Sibiri akukuwa kuti imwa, galu iwe, si ndiwe wokhetsa, imwa!

Ndinadziponya pamwamba pawo. Ndinati iwe Sibiri, ndine Talato, ndinakubereka kumsana ine, unkandikodzera iwe! Anandiyang'ana m'maso, akundidziwa bwinobwino, n'kundigwetsera musi pamkono. Akuti iye alibe mlongo wofunda nsalu imodzi ndi wopha agogo. Mano ndi chidendene cha wina, sindinaone kuti ndani.

Akanatitsiriza tonse. Anatipulumutsa ndi mayi, amene anafika akufufuza njira ndi ndodo. Anagwira mfundo ya nsalu yawo n'kunena kuti wina akangokwezanso dzanja, avula pompo pamaso pa ana awo, tione amene adzaone chaka chamawa. Mipini inagwa pansi.

Pano alamu anu ali gone m'nyumba, akulavula magazi. Kungowatembenuza amakomoka. A Yaaba anawakulunga mumphasa n'kuwaika pafupi ndi manda a bambo.

Tsono nayi nkhani imene ndakulemberani. Maliro anaikidwa, koma sanatsekedwe. Mukudziwa kuti wotseka maliro ndi mwana woyamba kubadwa, amene ndinu, ndi nsalu yoyera ndi chipanda cha mowa wa mapira pamanda, ndipo maliro asanatsekedwe nyumba ya malemu siikhudzidwa. Nyumba ya a Yaaba ndi una uja. Sibiri wakhala pamwamba pa khoma ndi chikwanje, walumbira kuti wobwera ndi dongo abwerera alibe dzanja. Ndinatumiza akuluakulu kuti akamuuze kuti atseke maliro yekha. Akuti iye sangalumphe mkulu wake ali moyo, angapenge.

Apa ndi pamene anaphonya alamu anu. Kwawo ng'ona ndi nyama basi, ndiye ankaganiza kuti ikafa dzenje litsekedwa tsiku lomwelo. Agogo ali moyo mwina tikanawanyengerera. Atafa, dzenje lawo lasanduka chosakhudza, ndipo likungokula.

Mudzati bwanji osasamuka. Ndisamukire kuti? Kumtunda konse ndi kwa abale athu, atiletsa kupondako. Ana ndinawatumiza kwa mayi, Sibiri anawabweza pachipata, akuti magazi a wakupha salowa pabwalo la maliro. Anzathu okhala ndi abale kwina anapakira katundu pangolo za abulu, anapita. Ine munthu wothyoka nthiti ndimunyamule bwanji ndi mkono umodzi? Dzulo Nongma anandiitana akudumphadumpha kuti ndikaone kamtsinje katsopano kodutsa pakhomo pathu. Madzi ake ndi ofiira.

Sindikupempha kuti muwakhululukire a Kuilga. Analakwa, ndipo mtima wanga ukuwawa mbali zonse ziwiri. Mukafika mudzawalipitse ng'ombe, mudzawathamangitse m'mudzi, ngakhale kundichotsa pabanja, sindidzatsutsa. Koma bwerani, achimwene. Ikani chikwanje pansi, kokoyo sathawa. Wakupatsani kalatayu akuuzani basi yonyamuka msanga. Mwambo wonse ndi wa m'mawa umodzi, masana ake tonse tili ndi madengu kukhoma. Bambo anamanga damu lija kuti madzi asadzaphenso munthu kumunsi, lero lisaphe adzukulu awo omwe.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti mafuta odzola a karite aja ndinawasungira. Moninso kwa ana, ndi kwa onse akwathu amene mumaonana nawo kumindako. Mulungu akusungeni panjira, makolo akutsogolereni.

Musaiwale nsalu yoyera, kuno yasowa. Mugule yaitali ndithu, musaumire. Kumpoto kwayambanso kuda pamene ndikulemba pano. Mukafika msanga, yotsalayo mayi adzasokera malaya. Mukachedwa, adzukulu a bambo ndi ang'onoang'ono, iwakwanira onse.

Ndine mlongo wanu,
Talato