Ndawatchula Dzina M'tchalitchi

Sondo yachitatu ya Adiventi, Kabwata.

Lelo mtima wawawa, koma sindinalile. Mumpingo wathu waung'ono aliyense adziwa kuti amuna anga ali m'ndende popanda mlandu, chifukwa chodandaula za mtengo wa unga kuntchito. Mapemphelo asanayambe, ba Lungu, mkulu wa mpingo, anandiitanila pambali.

"Amake Dalitso, popemphela musawatchule dzina. Achipani amakhala kumbuyo uko."

"Nanga Khilisimasi ino tipemphelela ndani?" ndinawafunsa.

Nthawi yanga yopemphela itakwana ndinaimilila n'kutchula mokweza dzina la amuna anga kuti Filimoni Tembo. Kenako amai Phiri, amene masiku ano amandizemba pamsika, anati, "Ameni."

Sondo yamawa ndidzawatchulanso. Ofuna kunditenga adzandipeza pabenchi yachiwili.