Belu la Eni

Lolemba, 3 Juni
Foni ya a Matroni a kumene Bambo amakhala, ndili m'kalasi. Bambo agwa, mwendo wathyoka. Awapeza pakhonde la eni, osati lawo. Choko chinandipulumuka m'manja.
Miyezi iwiri yokha chiwasamutsireni kunyumba za okalamba zija. Ndimati ndapuma ine. Chipinda chawochawo, bafa lokhala ndi pogwira, kadimba ka tomato kuseri, belu pafupi ndi bedi loitanira wosamalira. Nanga kwa eniko amakatani?

Lachitatu, 5 Juni
Pulasitala mpaka m'ntchafu. Ndawafunsa katatu, angoyang'ana kudenga. A Matroni sanapite m'mbali: akagwanso, awatumiza ku wodi ya odwala ogonera kutauni. Kopanda khonde, kopanda dimba. Kumeneko Bambo sangathe mwezi, ndikuwadziwa.
Achimwene pafoni: "Mwina mdala wapeza chibwenzi." Ndadula. Iwo zonse n'zoseka, kubwera osabwera.

Loweruka, 8 Juni
Bola chikanakhala chibwenzi.
Wosamalira wamasana wandikokera pambali. Akuti belu lililonse limamveka pabwalo ponse, ndipo likalira, woyamba kufika ndi Bambo. Mabatani a malaya mpaka pakhosi, manja kumbuyo. Lawo sanalizepo n'kamodzi komwe. Antchito ankangoseka, n'kumawatcha mnzathu wa pantchito.
Apa m'pamene ndinamvetsa. Zaka makumi atatu Bambo ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa anthu olemera. Ife tinkangodziwa kuti ali kuntchito, patchuthi abwera ndi nsapato zathu za kusukulu. Zoti ankaitanidwa ndi belu sanatiuzepo. Ndiye ine, mwana wophunzira, ndawanyamula n'kukawaika pakati pa mabelu khumi ndi awiri.

Lamulungu, 9 Juni
Ndapempha kuti mabelu azilira mu ofesi mokha. Akuti wamagetsi abwera mwezi wamawa, mwina winawo.
Ndawauza Bambo pang'onopang'ono kuti mabeluwo si awo, ntchito anasiya kalekale, tsopano ndi nthawi yoti ena aziwathamangira. "Ndamva, mayi," anatero. Patapita kanthawi: "Koma munthu akaitana, sadikira."
Tomato wafota. Ndathirira ndekha, mtima ukuwawa.

Lachiwiri, 11 Juni
M'mawa ndimawameta ndevu, sopo kumasaya. Belu la nyumba yachitatu. Mutu unatembenuka, lezala linawacheka, sanamve n'komwe. Dzanja likufufuza batani la pakhosi, mwendo wabwinowo uli kale pansi. Ndinawakanikiza pamapewa ndi mphamvu zanga zonse, ine mwana wawo, misozi ili chuchuchu. Pakhomo a Matroni ataima, akuona zonse.
Mantha ngati amenewo sindinawaonepo pankhope ya Bambo. Sanandizindikire.
"Chonde ndisiyeni, andichotsa ntchito. Ana anga adya chiyani?"