Khobwe wa Sanatu

Savelugu, 9 February

Wokondedwa mng'ono wanga Wumbei,

Ndikhulupirira muli bwino ku Takoradiko, iwe, mlamu ndi ana. Ife tadzuka, kungoti fumbi la chaka chino latipatsa chifuwa.

Lachiwiri pa 4 February kunabwera Madamu Yeboah a ku yunivesite, amene amathandiza ana a sekondale pa kafukufuku. Tinalipo ine, mwana wathu Sanatu ndi amake, mlamu wako.

Paja Sanatu akuyesa ngati masamba a nimu amateteza khobwe kwa anankafumbwe. Anaika matumba awiri a khobwe m'nyumba, lina lothira nimu, lina losathira kanthu, kuti azifananitsa. Opambana pa mpikisano wa ku Accra mu April adzalipiriridwa yunivesite. Ukudziwa kuti ine sindingathe kumulipirira.

Madamu atamasula thumba lopanda nimulo anapeza khobwe woyera, wonunkha phulusa. Mlamu wako sanabise. Anati mu January anamva thumba likulira tizilombo, ndiye mwana ali kusukulu anayanika khobweyo, kupeta, n'kuthira phulusa. Anati iye sanabadwe kuti azionerera chakudya chikudyedwa, ndipo ngati kusukulu amaphunzitsa kuweta anankafumbwe, aphunzitsiwo abwere adzadye okha.

Madamu anaseka pang'ono. Anati popanda thumba loonongekalo palibe chosonyeza kuti nimu wagwira ntchito. Sanatu sanalire. Anangopita kukatunga madzi mitsuko ili yodzaza.

Sindikudziwa womudzudzula. Amake anachita zomwe amayi athu akanachita.

Madamu akuti Sanatu angayambirenso ngati tipeza khobwe wofumbwa kale, mbale zinayi, pasanafike pa 20 February. Ndayenda makomo asanu ndi awiri. Palibe mkazi wovomera kuti m'nyumba mwake muli zofumbwa. Kumsika mayi wina anandifunsa ngati ndatumidwa kudzamunyoza, anzake n'kumandiitana kuti bambo a tizilombo.

Wumbei, kumsika waukulu kwanuko amataya zotere. Usachite manyazi, tola. Usapete, usayanike, umange bwino pakamwa, upatsire basi ya ku Tamale, kufupi ndi kuno. Sindikudziwa ngati tizilomboto tingafike tamoyo ndi kutenthaku.

Azakhali a ku Diare anatipatsa mbale imodzi mobisa. Zatsala zitatu.

Mulungu akusungeni. Upereke moni kwa mlamu ndi ana.

Ndine mkulu wako,
Ziblim