Mphunzitsi Amene Amusamutsa

Azakhali,

Ndikhulupirira miyendo ija yayamba kukulolani kuyenda. Kuno tilipo, koma ine mtima ukuwira.

Mng'ono wanga, chitsirizira wathu uja, wasiya sukulu. Mphunzitsi wake ankamutuma kukasiya makope kunyumba kwake akaweruka, yekhayekha, tsiku ndi tsiku. Zimene wandiuza akulira sindingazilembe papepala. Mwana wa Sitandade 5, azakhali!

Nditapita kwa ahedi, akuti, "Achemwali, musamuwonongere ntchito mnzathuyu, tamusamutsa kale." Amayi nawonso akuti tikhale chete, tingamuchititse manyazi mwana. Manyaziwo akhale a mwana? Ine mawa ndikupita kupolisi, wondikwiyira andikwiyire.

Ndalemba mothamanga chifukwa kumene amusamutsira mphunzitsiyo ndi kusukulu ya kwanuko, komwe amaphunzira mtsikana wanu. Akuyamba Lolemba.

Ndine mwana wanu wapakamwa uja.